Msonkho wa Ogwetsana

Nasimango, mwini bwalo la masewera ogwetsana, anaona kuti munthu akagwetsedwa, phungu Kachingwe ankadzigwira msana.

"Izi n'zisudzo, mayi," anatero phunguyo. "Masewera enieni sitikhometsa msonkho, koma inu lamulo langa likadutsa mudzalipira."

"Mwatigwira, olemekezeka," anavomera Nasimango, n'kutenga chimkuzamawu. "Anthuni, phungu wanu akuti n'zisudzo. Alowa okha m'bwalo kuti katswiri wathu Chigumula awagwetse mongoyerekeza!"

Ovota amene anadzaonerera anawomba m'manja. Chigumula anatsamira zingwe, akumwetulira.

"Ndimangocheza, ndi masewera enieni," ananong'ona phunguyo.

"Nenerani apa, bwana, akumbuyo amve," anatero Nasimango, akumupatsa chimkuzamawu chija.

Ananena, kawiri konse.

M'mawa mwake Kachingwe anauza komiti ya aphungu kuti kugwetsana ndi masewera oopsa kwambiri, ndipo nkhani ya msonkho inathera pomwepo.