Fupa M'kamwa mwa Tilekeni

Bambo, lero tabwera kudzavundukula chiliza chanu. Tsiku lija tinakuikani pano, a Kadzamira sanabwere, omwe aja ankabwereka njinga yanu n'kuibweza yophwa matayala. A Nasibeko sanabwere, akuti mwendo, koma m'mawa mwake mwendo womwewo unakafika kumsika. Ndiye palinso a... ayi, ndilekere pomwepa. Abusa andipatsa mpata woti ndilankhule, ndipo ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndingonena fanizo.

Panali munthu wina wokhoma zidebe, amene ankakhala kumapeto kwa msika. Mkazi wake anali atamwalira, ana atapita kutali. Anatsala ndi galu wofiira, dzina lake Tilekeni. Mmisiriyo akamakhoma, galu ankagona pansi pa benchi, phokoso la hamala osamudzutsa.

Chaka china galuyo anayamba kuthothoka ubweya, nthiti kuonekera, chifukwa ankangodya zotola: mafuta otsala pa chiwaya cha tchipisi, mitu ya nsomba yowola, chilichonse chogwa pansi. Mlangizi wa ziweto atamuona anati, "Mwamusandutsa dzala galuyu. Muzimuphikira zakezake. Mchere ayi, anyezi ayi. Ndipo fupa la nkhuku yophika asalilawe, limang'aluka ngati bango n'kubaya matumbo."

Mmisiri uja anapita kwawo n'kukhoma kampoto ka galu yekha. Tsiku lililonse ankaphika phala la mgaiwa n'kuthiramo bonya wotsuka bwino. Nthawi ya maungu ankaphwanyiramo dzungu. Nkhuku zikaikira, dzira limodzi linali la Tilekeni, lowiritsa. Asanapereke, ankayamba wapisamo chala kuti aone ngati phala lazizira.

Anzake a pamsika ankamuseka. "Amisiri, mwakwatira galu kodi?"

"Eya," iye ankatero, "ndipo apongozi anga savuta."

Ubweya unamera n'kuyamba kunyezimira. Nthiti zinabisala. Awiriwo ankakhala bwino, wina akukhoma, wina akugona.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake, mlongo wa malemu mkazi uja, amene anali atatha nthawi yaitali osapondapo pakhomopo. Mmisiri anakondwa mpaka kupha tambala. Ali mkati modya pakhonde, mlamuyo anamaliza nyama ya ntchafu n'kuponyera galu fupa. Tilekeni analiwakha lisanafike pansi, mchira uli pukupuku.

Mmisiri anauma thupi. Kutsutsa mlendo pa chakudya ndi chipongwe, nanji mlamu, m'bale yekhayo wa kuchikazi amene ankamukumbukirabe. Koma fupa linali litayamba kale kulira m'mano mwa galu. Anasiya mbale, anagwada, anagwira galu pakhosi n'kupisa zala m'kamwa. Tilekeni anaonetsa mano kwa mbuye wake koyamba, dzino n'kung'amba chala. Komabe fupa linatuluka, litang'aluka pakati, nsonga zake ngati singano.

"Alamu, fupa langa lili ndi poizoni kodi?" anafunsa mlendoyo.

"Ayi alamu, n'lokoma. Kukomako n'kumene kukanandiphera galu."

Mlamuyo anasamba m'manja n'kunyamuka, kutsanzika kwake kwa pakamwa chabe. Galu nayenso ananyanyala, anakagona kuseri kwa bafa, nkhope atalozetsa kumpanda.

Mmisiri sananyengerere aliyense. Anamanga chala ndi kansalu. Dzuwa litapendeka anaphika phala lija monga mwa masiku onse, analiziziritsa, analiika pamalo pake, n'kubwerera pa benchi. Anakhoma, anakhoma. Kenako anamva lilime likugunda m'mbale. Galu atanyambita mbale yonse anabwera pang'onopang'ono, n'kuyamba kunyambita chala chomwe analuma chija. Tilekeni anakhala ndi moyo mpaka kumera imvi kukamwa.

Abale, galu uja ndine. Mayina ndinayamba kutchula aja ndiwo fupa. Amakoma, sindinama ayi, amakoma zedi. Ndakhala ndikuwatafuna kuchokera tsiku la maliro, ndipo ndikuwadziwabe onse, ngakhale a amene mwakhala kumbuyoko mukuyang'ana pansinu. Koma fupa likang'aluka silibaya amene analiponya, limabaya amene walimeza. Mulungu wapisa zala m'kamwa mwanga. Ndamuonetsa mano, ndamuluma, koma dzanja sakuchotsa.

Chimene wandiikira m'mbale n'chopanda mchere. Wandiikira adzukulu amene anakumba dothi louma lija osadandaula. Wandiikira amayi a chigwirizano amene anaimba mpaka mawu kusasa. Wandiikira inu mwabwera lero. Zimenezi sizikoma ngati fupa, koma n'zimene zimabwezeretsa ubweya.

Bambo, gonani. Fupa ndalavula, ngakhale fungo lake likadali m'kamwa. Ndikudya phala.