Kolasi Yomwe Inasowa Pakhoma

Moni okondedwa, ndipo tiyamike Mulungu amene watisunga kufikira lero.

M'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu munkagwira ntchito anthu awiri olemba mapulogalamu a kompyuta: bambo wina amene anzake ankamutcha Katswiri, ndi mayi wina, mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake. Mwezi umenewo chimwemwe chinali chodzaza tsaya. Pulogalamu yawo yoonetsa mawu a nyimbo pakhoma inali itasankhidwa pa msonkhano waukulu wa makwaya, kumene anthu chikwi akaphunzire nyimbo zatsopano popanda mabuku.

Mlamuyo anali atapeza chida cholondola mayina m'pulogalamu. Ukaloza dzina, chimakuonetsa pamene linabadwira ndi paliponse pamene likuitanidwa, monga timalemba ta m'mphepete mwa Baibulo timakutumizira kwa Yesaya uli mu Mateyu. Ankachitama m'mawa ndi masana. Katswiri ankangoseka, nati pulogalamuyo anailemba yekha, ndipo mayi safuna kaundula kuti adziwe ana ake.

Kutatsala tsiku limodzi, Katswiri akuchotsa zosafunika anapeza kachigawo kakale kotchedwa "bwereza". Anasuzumira m'mafayilo awiri amene ankawakumbukira, koma sanaone pomwe kakuitanidwa.

"Alamu, tafunsani kaye chidacho musanafufute," anatero mayiyo. "Sichiluma."

"Ndifunse makina za m'nyumba mwanga? Kameneka kanafa kalekale."

Anafufuta. Anayesa ndime yoyamba ya nyimbo imodzi, inatuluka bwino, natseka laputopu akuimba mluzu.

M'mawa mwake holo inadzaza, malo oponda osaoneka. Ndime yoyamba inawala pakhoma, anthu anaimba mpaka denga kunjenjemera. Wotsogolera nyimbo anakweza manja kuti alowe kolasi, khoma linangoti mbee. Mawu chikwi anazima ngati nyali pamphepo, mitu yonse inatembenukira ku tebulo la kumbuyo kumene kunali Katswiri ndi mlamu wake.

Katswiri, thukuta lili kamukamu, ankatsegula fayilo iyi, kutseka iyo. Mlamu wake anakoka laputopu, nalemba dzina lija m'chidacho. Nthawi yomweyo chinaloza mzere umodzi m'fayilo imene Katswiri anailemba zaka zitatu zapitazo n'kuiiwala. Pamenepo ndi pomwe kolasi iliyonse inkaitana "bwereza". Mayiyo anabwezeretsa kachigawoko kuchokera mu kope la pulogalamuyo limene anasunga dzulo lake, mawu anatulukira pakhoma, nthungululu zinang'amba holo. Kolasi ija anaibwereza kanayi, ena akuvina m'mipata ya mipando.

Potuluka, wotsogolera anawagwira chanza onse awiri, koma anapempha kuti chaka chamawa pa laputopu padzakhale mayiyo. Katswiri anatembenukira kwa mlamu wake.

"Alamu, Lolemba mundiphunzitseko kachida kanu kaja."

"Mudzabwere ndi kope ndi pensulo, ana a sukulu sachedwa," anayankha mayiyo akuseka.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.

Ambuye akupatseni mtima wosachita manyazi kufunsa, ndipo nyimbo isadzakuthereni pakamwa.