Mwala Wokhala ndi Fumbi M'kati

Kumapiri a ku Ntcheu kunali munthu wina wokumba miyala, dzina lake Damiyano. Munthuyu anasiyapo mkazi wake Nachanza ndi ana aang'ono n'kupita ku Joni, ndipo anakhalitsako osatumiza ngakhale moni. Anabwerako chimanjamanja. Anapeza ana atakula, nyumba itagwa, mkazi akukhala kwa mayi ake. Atsibweni a mkaziyo sanachulutse mawu. Anati amange nyumba, aifolere ndi malata mvula isanagwe, pamenepo ndiye za banja zidzakambidwe.

Njerwa anaumba yekha, makoma anaimika. Chinatsala ndi denga. Mlamu wake Bizwiki, mchimwene wa Nachanza, anamumvera chisoni n'kumutenga kuti azikakumba naye miyala ya ametisiti kuphiri.

Miyala imeneyi situluka ndi mtundu umodzi. Kutsinde imakhala yoyera ngati mchere, kunsonga ndiye ya pepo ngati duwa la jakaranda. Okumba amakhala pamthunzi ndi kanyundo, kumagogoda choyeracho ndi zakuda zonse kuti patsale pepo yekhayekha, pakuti ogula ambiri amafuna zotero. Damiyano ntchito imeneyi anaidziwa msanga, ndipo ankaikonda. Kachidontho kalikonse ankakachotsa. Ndi mmenenso analili pa moyo wake. Munthu akangotchula za ku Joni, nkhope inkagwa. "Zimenezo zinatha, tisazikambe," ankatero. Ngakhale kwa Nachanza sananenepo kumene ankakhala kapena chimene chinamugwira.

Chizimalupsa chitagwa kale, Damiyano anaboola mphako m'thanthwe n'kutulutsamo mwala wotalika ngati mkono wa mwana. Atautsuka n'kuuloza kudzuwa, anaona zachilendo. Mtundu unali m'mizeremizere, pepo wakuda, kenako woyera, kenako pepo wopepuka ngati utsi. Ndipo m'katikati munaima mwala wina waung'ono, wa nsonga yakeyake, wokutidwa ndi fumbi lofiira. Kunja kunali see, fumbilo osalikhudza ndi chala.

Bizwiki anaulandira ndi manja awiri. "Alamu, denga lanu ndi ili. Uwu musaugogode ayi. Pali bambo wina wa ku Lilongwe amafuna yoteroyo, yathunthu. Ndimuimbira, abwera Loweruka."

"Ndi litsiro limeneli?" anafunsa Damiyano.

"Litsiro lake ndi limene akufunalo. Mwalawu unakula n'kuleka. Fumbi linaugwera uli chiimire. Kenako unayambanso kukula, n'kulikuta. Inu mwaona chiyani ku Joni konse kuja, ngati zoterezi simukuzidziwa?"

Ananena moseka, mwa chilamu. Koma Damiyano sanaseke. Anatenga mwala wake n'kupita nawo kwawo.

Anauika pawindo la nyumba yopanda dengayo, ndipo akaupenya, maso ankangogwera pa fumbi lija. Pepo yense wokongolayo sankamuona. Anakumbukira ogula amene ankakankhira miyala yake pambali chifukwa cha kadontho kamodzi. Mumtima anati, mlendoyo akafika adzaona zofiirazi n'kundiseka. Ndingochotsa mbali imodzi, ndilipale litsiroli, patsale choyera bwino.

M'mawa wa Lachisanu anakhala pansi, mwala pa ntchafu, kanyundo m'manja. Anasankha malo mosamala monga ankachitira masiku onse. Anagogoda kamodzi.

Mwalawo unatsata mzere wa fumbi lija n'kung'ambika kuchokera kunsonga mpaka kutsinde. Tizidutswa tinamwazika pansi ngati galasi. Kamwala ka m'kati kaja kanathetheka pamodzi ndi kunja kwake. Fumbi limene ankalifunalo linali lochepa kwambiri, losadzaza n'chikhadabo chomwe.

Bizwiki atafika anaima pakhomo n'kuona tizidutswato pansi. "Alamu," anatero, "tikamuuza chiyani mlongo wanga?"

"Ndikanena ndekha."

Anatolera tizidutswato m'chipewa n'kupita kwa apongozi ake. Anapeza Nachanza akusenda nandolo kuseri kwa nkhokwe. Anagwada patali pang'ono, n'kuika chipewacho pansi.

"Mayi, denga lija ndaliphwanya ndi manja anga. Achimwene anu anandiletsa, ine osamva. Mvula indipeza nyumba ili pululu."

Nachanza anayang'ana m'chipewamo, n'kupitiriza kusenda. "Munaugogoderanji?"

"Munali litsiro m'kati. Sindinafune kuti munthu alione."

"Za malatazo ananena ndi atsibweni," anatero Nachanza, osakweza mawu. "Ine ndagona m'nyumba yodontha zaka zonsezi, sindinafe. Chimene ndikudikira n'choti munene kumene munali, ndi amene munali naye. Mukangoti zinatha, ine ndimakhala ngati ndikukwatiwa ndi mlendo."

Damiyano anayang'ana nkhuku zimene zinkatola makoko a nandolo pafupi ndi mawondo ake. Kenako anati, "Kunali mkazi. Kulinso mwana."

Manja a Nachanza anaima. Anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo Damiyano anaganiza kuti basi, zathera pamenepo. Koma Nachanza anatuluka ndi mphasa, anaiyala pamthunzi, n'kukhala kumapeto kwake.

"Khalani apa. Yambirani tsiku limene munakwera basi."

Abale anga, ambiri a ife tili ndi nyengo imene tinaleka kukula, fumbi n'kutigwera. Mulungu mwa chifundo chake anatiyambitsanso, ndipo moyo watsopano unamera pamwamba pa fumbilo. Koma ife timafuna tioneke ngati sitinaimepo. Timakalipira aliyense wotikumbutsa, timagogoda apa ndi apo, ndipo chimasweka ndi chabwino chomwe chinamera pambuyo pake. Amene munamulakwira fumbi lanu analiona kalekale. Sakudikira kuti mulichotse, pakuti simungathe. Akudikira kuti mulitchule ndi pakamwa panu. Ikani kanyundoko pansi, mupite akadali moyo, mukakhale pamene angakuuzeni kuti mukhale.