Dzina Limene Verner Analemba

M'nyumba ya Verner Salmi munali mtendere masiku onse, pokhapokha wina akatchula dzina la Lorna. Lorna Tervo anali mng'ono wake wa Aili, mkazi wa Verner, ndipo anali mu khonsolo ya tauni ya Tamarack Fork, kumpoto kwa Michigan. Zaka zam'mbuyomo khonsolo inagamula kuti magalimoto onse akufa a m'mphepete mwa msewu achotsedwe. Verner anali nawo ambiri pabwalo pake, ndipo pakati pawo panali lole ya malemu bambo ake, imene inkatuta mitengo m'nkhalango iye akadali mwana. Lorna anabwera yekha kudzamuuza za chigamulocho, ndipo tsiku limene loleyo inakokedwa anaima pageti manja ali m'thumba. Kuyambira pamenepo Verner sanamupatsenso moni mlamu wakeyo, ngakhale pamaliro.

Wapampando wa khonsolo atapuma pantchito, anthu awiri anaima pachisankho: Lorna ndi Glenn Bouchard, mwini sitolo ya zitsulo. Mkangano wawo unali pa chinthu chimodzi, ambulansi. Tauniyo inali ndi ambulansi yakeyake, yokalamba koma yoyenda, ndipo ankaiyendetsa anthu ongodzipereka, Lorna ali mmodzi wa iwo kuyambira ali mtsikana. Glenn ankati galimotoyo ikudya msonkho ngati chiswe, ndi bwino aigulitse, odwala azidzatengedwa ndi kampani ya mumzinda. Khonsolo inali itang'ambika pakati, ndipo aliyense ankadziwa kuti kumene wapampando watsopano adzapendekere ndi kumene nkhaniyo idzagwere.

"Glenn simumufuna, ndikudziwa," anatero Aili m'mawa wina akudula buledi. "Munanena nokha kuti munthu amene uja akhoza kugulitsa ndi manda omwe."

"Sindimufuna."

"Ndiye muvotera Lorna."

"Dzanja langali lingafote."

"Verner, palibe akukupemphani kuti mumukonde. Mumzinda n'kutali, ndipo ife tonse awiri timamwa mapiritsi m'mawa uliwonse."

"Pansi pa mayina awo pali mzere wopanda kanthu, wolembapo dzina la wina aliyense," anayankha Verner. "Anauikapo dala kuti anthu ngati ine tikhale ndi polavulira."

Aili anaika mpeni pansi, anamuyang'ana, kenaka anautolanso n'kupitiriza kudula buledi. Anali atakhala naye nthawi yaitali moti ankadziwa kuti mwamuna wakeyo ukamukoka amakhala pansi ngati bulu.

Akanangolavula yekha, mwina sizikanafika patali. Koma Verner anapita nazo pamalo othirira mafuta, pamene madoda opuma pantchito ankakumana m'mawa uliwonse mozungulira tebulo limodzi, kumwa khofi ndi kunyoza nyengo. Aliyense wa iwo anali ndi kachilonda kake ka khonsolo: wina anamuletsa kutentha zinyalala, wina anamugwetsera shedi.

"Tilembe dzina la Rudy tonsefe," anatero Verner, akuloza Rudy Maki, amene kale ankayendetsa galimoto yokankha chipale chofewa m'misewu ndipo tsopano ankasinza pamsonkhano uliwonse.

"Ine?" anafunsa Rudy. "Ine ndi galu wanga yemwe sandimvera."

"N'chifukwa chake ukuyenera. Munthu wogona sagwetsa shedi ya mnzake."

Madodawo anaseka mpaka kutsokomola. Mmodzi yekha, Orville, anakanda m'mutu. "Nanga Glenn akadutsa?"

"Adutsira pati? Azimayi onse a kutchalitchi ali pambuyo pa Lorna. Apambana ndithu. Ife tingomutsina khutu, adziwe kuti si onse amamugwadira."

Mawu amenewo anawakomera onse. N'kokoma kuponya mwala ukamakhulupirira kuti sugwera munthu.

Tsiku lachisankho Verner anavala jekete yake yabwino. M'holo ya tauni analandira pepala lovotera, nalowa kuseri kwa kachotchinga. Maso ake anadutsa dzina la Glenn, anaima pang'ono pa dzina la Lorna, mtima n'kugunda kamodzi ngati ukumuchenjeza. Anausiya ugunde. Anatsikira pamzere wopanda kanthu uja nalemba Rudy Maki, zilembo zikuluzikulu, akusindikiza cholembera mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

"Mwachita zimene munanena zija?" anafunsa Aili ali m'galimoto.

"Ndalemba mooneka bwino, kuti owerenga asavutike."

Aili anatembenukira kuwindo mpaka anafika kunyumba.

M'mawa mwake patebulo la madoda panalibe woseka. Glenn anali atapambana, ndipo mavoti amene anaposera Lorna anali ochepa kuposa anthu amene anakhala patebulopo. Chowawitsa china chinali chakuti mavoti a Rudy sanawerengedwe n'komwe, poti mwini wake sanakalembetse kuti akupikisana nawo. Anangotayika ngati madzi othira pamchenga.

"Ine ndinangotsatira iwe, Verner," anatero Orville, maso ali m'kapu.

"Unali ndi dzanja lako."

"Ine ndinavotera Lorna," anatero Rudy pang'onopang'ono. "Ndimayesa mukucheza."

Chipale chitasungunuka, khonsolo inakhala pansi ndipo ambulansi inagulitsidwa. Verner anauza aliyense womufunsa kuti chisankho n'chisankho, munthu amavota mmene mtima wake wafunira, ndipo iye alibe mlandu ndi munthu. Ankanena mokweza, mwina kuti adzimve yekha.

Nyengo yozizira yotsatira, m'mawa wina kukugwa chipale chochita kuphimba mpanda, Aili anagwetsa mbale kukhitchini. Verner atathamangirako anamupeza ali pansi, pakamwa patapotoka, akuyesa kulankhula koma mawu akutuluka ngati phala. Anaimba foni. Mayi wa mbali inayo anamuuza modekha kuti ambulansi yanyamuka mumzinda, koma msewu sunakankhidwe, ndipo sangalonjeze nthawi imene ifike. Verner anaima pakati pa khitchini foni ili m'manja, akuyang'ana mkazi wake. Kenaka anaimba nambala imene anali asanaigwire kwa zaka.

Lorna anafika asanamange ndi zingwe za nsapato zomwe. Anagwada pambali pa mkulu wake, anamugoneka cham'mbali, anamuyang'ana m'maso, anamugwira dzanja namuuza kuti afinye. Dzanja lamanja silinayankhe.

"Ndi sitiroko," anatero. "Tisadikire. Nyamulani kumapewa, ine ndigwira miyendo. Tikakumana nawo panjira."

"Mulibe chilichonse choti mumupatse?"

"Ndili ndi manja awiriwa, alamu. Zina zonse zinapita ndi galimoto ija."

Anamugoneka pampando wakumbuyo wa galimoto ya Lorna, mutu uli pamiyendo ya Verner. Lorna ankayendetsa atasunzumira kutsogolo, matayala akuterereka, msewu ndi munda zikuoneka chimodzimodzi. Kawiri anatitimira, ndipo kawiri konse Verner anatsika n'kukumba ndi fosholo, nkhalamba yopuma wefuwefu. Pamene ankaona magetsi ofiira a ambulansi kutsogolo, dzuwa linali litapendeka kale kuseri kwa mitambo, ndipo Aili anali atasiya kuyesa kulankhula.

Kuchipatala dokotala sanazungulire. Anati pali mankhwala amene amathandiza munthu akafika msanga, koma nthawi yake inali itadutsa. Moyo aupulumutsa, mbali yakumanja ndi lilime, sangalonjeze.

Verner anamupeza Lorna pakhonde la chipatala, akuvala magolovesi.

"Alamu," anatero Verner. Kanali koyamba kumuitana choncho chichokereni lole ija. "Ine ndinkaganiza kuti mupambana."

"Ndikudziwa. Nonsenu munkaganiza choncho."

"Ambulansi yathu ikanakhalapo, kodi..."

"Musandifunse zimenezo. Ndikakuyankhani zoona simugona, ndikakunamizani sindigona ine." Anamaliza kuvala magolovesi. "Munkafuna kundipweteka, Verner. Musadandaule, zatheka. Uja wagona umo ndi mkulu wanga."

Anatsika masitepe osacheuka.

Aili sanabwererenso kunyumba kwake. Anamusamutsira kunyumba yosamalira odwala mumzinda momwemo, m'chipinda chimene windo lake limayang'ana khoma la nyumba ina. Verner amapitako masiku onse amene msewu walola. Amamudyetsa ndi sipuni, amamupukuta pachibwano, amamufotokozera za nyengo ndi za anthu amene amwalira. Aili amamva zonse. Maso ake ndi akuthwa ngati kale. Nthawi zina amamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira, ndipo Verner sadziwa ngati m'masomo muli chisoni kapena mlandu, chifukwa pakamwa poti pamuuze palibenso. Lorna amabwera Lachitatu ndi Lamulungu. Akalowa, Verner amatenga chipewa chake n'kukadikira m'galimoto, kuti apachibale akhale okha.

Lorna anamulakwira kapena sanamulakwire, izo aweruze ena. M'maso mwa Verner anali khoswe woyenera chibonga, ndipo mkwiyo unamutseka maso kuti asaone chimene khosweyo anakhalapo. Anaponya, ndipo chinasweka ndi chimene nyumba yake yomwe inkamwera. Akuluakulu anaziona kale zotere pamene ankati khoswe akakhala pamkhate sapheka.