Changa Atsekeredwa M'phanga ndi Nyani

Chaka chimene mvula inathawa mbewu zisanache, thengo lonse linauma gwaa, kutsala mkuyu umodzi m'mbali mwa khwawa. Nyani anaukhalira mtengowo ngati anadzala ndi agogo ake. Anaika lamulo loti nkhuyu zizigawidwa m'mawa dzuwa likangotuluka, ndipo wogona alibe gawo.

Lamuloli linamupweteka kwambiri Changa, kanyama ka maso akuluakulu kamene kamayenda usiku n'kumagona usana. Anali ndi ana awiri m'mphako, mkaka nawo unali utayamba kuuma. Tsiku lina anadzikoka m'mawa, n'kukaima pamzere kumbuyo kwa Pusi ndi Gologolo. Mzere usanasunthe n'komwe, mayi uja anasinza n'kugwa chagada. Nyama zonse zinafa nalo phwete.

"Ulesi ulibe mankhwala," anatero Nyani, nkhuyu ili kukamwa. "Pita ukadye tulo tako."

Changa anadzisasa fumbi, mtima ukuwira. Manyazi analibe, anali ndi ukali basi.

"Ulesi ayi, a Nyani. M'thupi mwa aliyense muli tambala wake. Wanu amalira kukamacha, wanga amalira kukamada. Ndinamuikamo ndine?"

"Tambala wachiyani! Ine ndimagona chifukwa kwada, palibe choona. Nditafuna nditha kukhala maso mpaka mwezi ufe."

"Ndiye tiyeni m'phanga, atitsekere ndi mwala. Mulibe dzuwa, mulibe mwezi. Woyamba kugona, mkuyu ausiye."

Nyani anayang'ana zikope za Changa zikulendewera, n'kuseka. "Tiye pompano."

Apa Changa anaona kuti zavuta. Kulowa m'phanga m'mawa umenewo, akanagona mwala usanakhazikike. Koma anaumitsa nkhope.

"Pompano? Inu akuluakulu, kodi mayi amalowa pamlandu popanda nkhoswe yomuimira? Ndi mwambo wa kwanu umenewo?"

Nyama zinang'ung'udza kuti mayiyo akunena zoona. Nyani anafunsa kuti nkhosweyo ndani.

"A Kamba, kutsidya kwa khwawa."

Gologolo anathamanga kukaitana. Popita anapita ngati mphepo, koma pobwera anayenda mayendedwe a Kamba, amene saponya phazi asanaliganizire. Changa anati kwawo woyembekeza nkhoswe sayang'ana anthu kumaso. Anadzifunditsa masamba n'kuwerama.

Dzuwa litafika paliwombo, Nyani anamugwedeza. "Iwe, ukutani mmenemo?"

"Ndikupempha kwa makolo," anatero mawu pansi pa masamba. "Musandidule."

Dzuwa litapendeka, anamugwedezanso.

"Ndafika kwa agogo a agogo. Ndi ogontha, akuchedwa kumva."

Mayiyo anagona tulo tofa nato, pamene Nyani ankangoponya nkhuyu kukamwa mpaka mimba kuti ndendende. Kamba anafika zithunzi zitatalika. Atatuwo analowa m'phanga, Njati n'kukankhira mwala pakhomo. Mdima bii.

"Muno usana ndi usiku n'chimodzimodzi," anadzitama Nyani. Anaimba, anadzikanda, anasimba za minda yonse imene anathyolamo chimanga. Koma thupi silinapite kukafunsa dzuwa. Nthawi yake itakwana, mawu anayamba kulemera, nkhani kumaduka pakati. Changa naye anamva tambala wake akulira: makutu anaima, maso anayera, miyendo inayamba kuyabwa.

"A Nyani, mwayasamula?"

"Ndikuonetsa mano."

"A Nyani, mutuwo ukugweranji?"

"Ndikuvomereza mawu a Kamba."

Kamba anali asanayankhule kanthu. Pasanapite nthawi, mkonono wa Nyani unagwedeza phanga.

"A Kamba, mwamva? Ndapambana!"

Zii. Nkhoswe inali italowetsa mutu m'chigoba kalekale. Nayo inali ndi tambala wake, kuphatikiza ulendo wa tsiku lonse. Walira mvula walira matope: amene anasankha nkhoswe yochedwa anali Changa yemwe, ndipo tsopano mboni analibe. Anadziwanso kuti kukacha, tulo timupeza ngakhale mumdima momwemo. Mantha anamugwira ataganiza za ana ake, koma sanakhale pansi kulira.

Ananunkhiza kumene kumachokera kamphepo, n'kupeza kamng'alu kudenga, kongokwana mutu wake. Anadzifinya n'kutulukira. Anadya mpaka kukhuta, anayamwitsa ana, kenaka anayamba kututa nkhuyu. Kumkuyu, kumphako, kumkuyu, kumphako, yakupsa iliyonse osaisiya. Pomaliza anathyola kanthambi kamasamba kakuchucha utomoni, anabwerera m'phanga, n'kukamata bwinobwino pamutu pa Nyani.

Nyani anadzidzimuka yekha, mdima uli chomwecho, palibe anamugwedeza.

"Sindinagone," anafulumira kunena. "Ndimaganiza."

"Ine sindinaone wogona," anatero Kamba akutulutsa mutu. Sananame.

Tsopano inali nthawi ya Changa yovutika. Anadzitsina, analuma mchira wake, anatong'ola maso. Zinakanika. Anapinda makutu n'kugwera pa chigoba cha nkhoswe yake.

"Wagona! Tsegulani!" anafuula Nyani.

Njati anagubuduza mwala. Dzuwa linali likungosuzumira kumene, nthawi yeniyeni yogawa nkhuyu. Nyani anatuluka chifuwa patsogolo, koma nyama zonse zinkangoyang'ana pamutu pake.

"Pepanitu a Nyani," anafunsa Pusi mwaulemu wabodza, "kodi m'phangamo mumamera mkuyu?"

Nyani anagwira pamutu, n'kupeza masamba aawisi. Anathamangira kumtengo: zosapsa zokhazokha. Anabwerera akukukuta mano, koma phokoso la chiseko cha nyama linali litamudzutsa kale Changa. Mayiyo anali atathawira pakhomo pa mphako yake, pobowoka pamene dzanja la Nyani silikanalowa, diso limodzi chitsinzinire.

"Wakuba iwe! Unagonja!"

"Ndinagonjadi, mkuyu ndi wanu. Koma tandiuzani, mumdima muja anakudzutsani ndani? Dzuwa linalowera pati?" Anayasamula mosabisa. "Ine ana anga sadzafa chifukwa chakuti tambala wanga ndi wosiyana ndi wanu. Mtengo wanuwo ulondereni. Paja mumatha kukhala maso mpaka mwezi ufe."

Madzulo amenewo Nyani anakhala patsinde pa mkuyu, chibonga chili m'manja, akulumbira pali makolo ake. Dzuwa linalowa, chibwano chinatsikira pachifuwa. Chibonga chinalondera chokha.

Mukamva changa akulira ngati khanda m'mitengo kukada, musamumvere chisoni. Akuseka ameneyo, kukamwa kuli nkhuyu.