Tsiku Limene a Njiri Adakhala Phee

Kalekale... Mwayankha kuti tili tonse? Chabwino, ngakhale ndikuona kuti enanu muli nane thupi lokha, mtima uli ku mphika uko. Khalani pansi bwinobwino. Iwe Dziwani, leka kugwedeza mwendo. A Nachuma, sunthirani kumthunzi kuno, makolo asapse ndi dzuwa pa tsiku lawo lomwe.

Kalekale, nyama zisanaleke sukulu, kudali pulayimale ina pansi pa mtengo wa mkuyu. Mphunzitsi wamkulu adali a Njiri. Adali bambo wa thupi lake, mimba kutsogolo, khosi losaoneka, mawu ochokera pansi pa chifuwa. Musandiyang'ane ine. Mimba yangayi ndi ya kumtundu, amalume anga adali nayonso.

Pasukulupo ana ankalandira phala. Amayi ankasinthana kuphika. Ankafika m'mawa, kuphika, kuvundikira chimphika, n'kuthamangira kumunda. Zotsala zonse zinkakhala m'manja mwa a hedi, ndipo a hedi adaika malamulo awiri.

Loyamba lidali lakuti mwana wanzeru sagwedezeka. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lifike pamutu, miyendo yopinda, manja pachifuwa, pakamwa potseka, phee. Nthawi yopuma adaithetsa. Ati kupuma n'kwa olima, nanga mwana wongokhala pansi watopa ndi chiyani. Lachiwiri lidali lakuti belu likalira, aliyense athamangire ku mphika, wofika adye, wochedwa asadandaule. Ati lamulo limeneli silikondera, mwana ndi mphunzitsi onse ndi chimodzimodzi.

Ndiye ana ankakhala phee. Dzuwa likukwera, iwo phee. Ntchentche pamphuno, iwo phee. A Njiri okha ndiwo ankayendayenda, uku ndi uku, kandodo kumanja, miyendo ikutenthera bwinobwino. Kenako ankafika pa belu. Belu lake lidali khasu lakutha lopachikidwa panthambi. Ngwe, ngwe, ngwe.

Ana nyamu. Ana khu.

Miyendo yonse dzanzi. Mwana wa Gwape, amene kwawo konse ndi akatswiri a liwiro, ankadzuka dzandidzandi n'kugwera pa mwana wa Nungu, ndipo kugwera pa nungu mukukudziwa. Pamene ankafika ku mphika akukokera miyendo, ankapeza mutu wa a hedi uli m'kati, kunja kwatsala mchira wokha, uli njo. Anawo ankagawana nkhoko.

Kunyumba makolo akafunsa ngati phala adya, ana ankangoti, "Tinachedwa." Makolo, poti ndife makolo, sitifunsa kawiri. Mayi Gwape adamutsina khutu mwana wawo, ati akuchititsa manyazi mtundu. Ana adayamba kuonda. Misana inkawawa, m'mimba mosayenda bwino, maso olemera. Ankasinza ali tsonga, chifukwa adaphunzira kugona osagwedezeka, ndipo ndilo phunziro lokhalo limene lidalowa. Mwana wa Nkhwali adakhala pa "a" chaka chonse osakumana naye "e".

A Njiri iwo ankanenepa, ndipo pamsonkhano ankauza makolo kuti ana a masiku ano ndi aulesi.

Tsiku lina kudafika mphunzitsi watsopano, madamu Gologolo. Kadali kamunthu kochepa, maso othwanima, mchira wosadziwa kupuma. Ataona ana akuyasamula, adawauza kuti aimirire adziwongole pang'ono. Asanamalize n'komwe, a Njiri adatulukira. Adawadzudzula pamaso pa ana, ati pano si pabwalo la gule, ndipo adawalamula kuti nawonso azikhala kumbuyo miyendo yopinda, azipereka chitsanzo. Tsiku limenelo belu litalira, madamu nawo nyamu, nawo khu. Ali chigonere pafumbi, adaona kamchira kali njo pamwamba pa mphika, ndipo adamvetsa zonse.

Zidawapweteka mtima. Adamva chisoni poona tiana tikunyambita nkhoko. Koma tinene zoona, nayonso mimba yawo inkalira. Ife aphunzitsi chifundo chathu chimathamanga bwino chikakhala pamodzi ndi njala.

Kukangana ndi a Njiri sikukadathandiza, mano aja mukuwadziwa. Kukanena kwa makolo, akadati mphunzitsi watsopano akufuna mpando. Madamu adangodikira. Ndiye lidayandikira tsiku la makolo, ngati lerolino, tsiku limene amayi amathira nsinjiro ndi shuga m'phala. A Njiri ankalilota masana.

Madamu adapita kwa iwo, mchira atautsitsa, mawu atawachepetsa.

"Bwana hedi, ine ndili ndi nkhawa. Anawa sadziwa kukhala phee. Makolo akabwera adzati sukulu ino ilibe mwambo."

"Ndi zimene ndimanena ine," adatero a Njiri. "Ana a masiku ano."

"Koma si vuto lawo, bwana. Sadaonepo munthu wophunzira atakhala. Ine mchira wangawu mukuuona, ngwochititsa manyazi. Pasukulu pano amene angawaonetse kakhalidwe kenikeni ndi mmodzi yekha."

A Njiri adafunsa kuti ndani, ngakhale yankho ankalidziwa. Ankangofuna kulimva. Madamu adawauza, ndipo adawonjeza kuti pa tsikulo a hedi akhale patsogolo, miyendo yopinda, kuyambira m'mawa mpaka belu. Ndipo kuti makolo aone kusiyana kwake, madamuwo aziwadzutsa ana pafupipafupi, azidumpha, aziimba, azizungulira a hedi ngati kuwayesa. Pamenepo aliyense adzaona yekha kuti mbuli ndi iti, wophunzira ndi uti.

A Njiri adakanda chibwano. "Nanga lamulo la ku mphika?"

"Lomwelo, bwana. Lamulo ndi lanu, ndine yani ine kuti ndilisinthe."

Apa a Njiri adawerengera mumtima. Ana adumpha m'mawa wonse, ndiye atopa. Iwo akhala pansi m'mawa wonse, ndiye apuma. Wopuma ndi wotopa akathamanga, apambana ndani? Adaseka chamumtima, n'kumumvera chisoni Gologolo kuti n'kopusa. Bambo ameneyu adakhala akudya chifukwa cha dzanzi la ana, koma sadadzifunsepo kuti dzanzilo limachokera kuti. Ankaganiza kuti amapambana chifukwa ndi katswiri.

Tsiku lidafika. Makolo adakhala kumthunzi, patsogolo mayi Nkhanga, wapampando wa komiti. Fungo la nsinjiro lidadzaza bwalo lonse. A Njiri adakhala pansi mwaulemerero, adapinda miyendo, adaikhazika mimba pamwamba pake, phee.

Madamu adaphunzitsa pang'ono. Ataona maso a ana ayamba kulemera, adati onse aime. Adawadumphitsa ngati achule, adawatambasula makosi, kenako kanyimbo:

Tambasula mwendo, tambasula,
gwedeza mchira, gwedeza,
khala pansi, mutu watseguka.

Ana adakhala pansi akupuma wefuwefu, akuseka, maso ali gwa pa bolodi. Madamu adalemba "a", adalemba "e". Adaphunzitsanso pang'ono. Kenako aimenso, adumphenso, aimbenso. A Njiri phee. Makolo ankanong'onezana kuti koma bambowa ndi ophunzira, taonani sakuphethira n'komwe. A Njiri adamva, ndipo chifuwa chidakula.

Dzuwa lidakwera. Ntchentche idatera pamphuno pawo, iwo phee. M'miyendo mudayamba kuyenda tinthu ngati nyerere, iwo phee. Nyerere zija zidaleka, ndipo adasangalala kuti zatha, osadziwa kuti miyendo ndiyo yatsanzika. Msana udayamba kuyaka. Ankafuna kusuntha pang'ono chabe, thako limodzi lokha, koma mayi Nkhanga ankawayang'ana mwaulemu waukulu. Iwo phee.

Tambasula mwendo, tambasula,
gwedeza mchira, gwedeza,
khala pansi, mutu watseguka.

Ulendo uno ngakhale makolo ena adalowa m'bwalo. Agogo ake a mwana wa Nungu adagwedeza zimene adali nazo, anzawo n'kuwapatsa malo ambiri. Pamene onse ankakhala pansi, kudamveka kaphokoso kochokera patsogolo. Fwooo. Fwooo. Madamu adauza makolo kuti asadabwe, a hedi akaganiza mozama amamveka choncho.

Kenako adaloza mwana wa Nkhwali, uja wa chaka chonse pa "a". Kamwana kadaimirira n'kunena a, e, i, o, u, mosapunthwa, n'kuyambiranso kachiwiri popanda woumiriza. Mayi ake adalulutira mpaka mawu adasasa.

Madamu adatembenuka mwaulemu. "Bwana hedi, titsimikizireni. Pambuyo pa 'a' pamabwera chiyani?"

A Njiri adadzidzimuka, dovu lili pachibwano. "Phala," adatero.

Mayi Nkhanga adapendeketsa mutu n'kuwayang'ana ndi diso limodzi, monga zichitira nkhanga. Madamu sadadikire. Adakwera mkuyu n'kulimenya khasu. Ngwe, ngwe, ngwe.

Ana nyamu, ndipo panalibe khu. Adangoti fumbi kobo, makapu m'manja, mwana wa Gwape patsogolo ngati mphepo.

A Njiri nyamu. A Njiri khu.

Adayesanso, khu. Adayang'ana pansi kuti aone ngati miyendo ilipo. Idalipo, koma siinkawadziwa. Adaimenya ndi kandodo kaja, osamva kanthu. Uko zipande zikulira mumphika. Ulemerero adausiya pomwepo, n'kuyamba kukwawa ndi maondo, mimba ikusesa bwalo, akukuwa kuti ana adikire, mkulu ndiye amayamba kulawa.

"Aphunzitsi," adatero mayi Nkhanga, osakweza mawu, "si paja wochedwa asadandaule?"

Makolo adaseka mpaka kugwira nthiti. Koma mwana wa Gwape, kapu ili m'manja, phala lili pamlomo, adayima pafupi ndi mayi ake n'kuloza a hedi akukwawa.

"Amayi, ndi mmene timachedwera ife."

Kuseka kudatha. Mayi Gwape adayang'ana a Njiri, adayang'ana timiyendo ta mwana wawo, adayang'ana khutu limene ankalitsina lija. Manyazi adawagwira, ndipo misozi idalengeza. Adangotenga chipande n'kumuwonjezera mwanayo phala.

A Njiri adafika ndithu ku mphika, poti khama la pa chakudya adali nalo. Adapeza madamu Gologolo akupukuta ndevu, atamaliza kapu yachiwiri. Mudatsala nkhoko. Kuimirira sakadatha, ndiye adazikokota ali chogwada, pamaso pa ana, pamaso pa makolo, pamaso pa komiti yonse. Nsinjiro adangozimva kununkhira.

Tsiku lomwelo komiti idathetsa malamulo onse awiri. Phala lidayamba kugawidwa pamzere, ang'ono patsogolo. M'kalasi ankaphunzira pang'ono, kudzuka, kudumpha, kukhalanso, ndipo ana adabwerera m'thupi, mitu n'kuyamba kulandira. A Njiri sadawachotse ntchito. Adangochoka okha, chifukwa kulikonse kumene ankadutsa, tiana tinkawaimbira kuti tambasula mwendo. Mpaka lero mukakumana ndi njiri kutchire, muiyang'anitsitse. Ikamathamanga, mchira uli njo, ikuganiza kuti belu lalira. Ikafika pa chakudya, imagwada. Maondo aja sadaiwale.

Nthano yanga yagwada pomwepo, yathera mumphika. Amene ali ndi makutu atolepo chake. Munthu akakuuzani kuti mukhale phee nthawi yaitali, inu muziyang'ana kumene mphuno yake yaloza.

Tsono ndaona kuti ndakukhazikani pansi kuyambira kalekale uja, ndipo Dziwani ndinamukalipira chifukwa cha mwendo. Gwedeza, mwanawe, ndiwe wekha amene wamva nthanoyi isanayambe. Imani nonse, tambasulani miyendo, belu lija likulira. Ana patsogolo, musakankhane. Ine ndikubwera pambuyo, osati chifukwa cha china, koma ulemu basi.

A Nachuma, musapite kaye. Tandigwirani dzanja. Ayi, lamanzereli, kokani ndithu. Ndipo wina athamange akawauze amayi aja kuti nkhoko asataye.