Nkhanu ndi Apongozi a pa Mathithi

Padangokhala Nkhanu wina amene ankakhala pansi pa mwala, pa mathithi a m'nkhalango, kumtunda kwa minda ya anthu. Malowo anali okongola ndipo alendo sankatha phazi, koma kukongola sikudyedwa. Nkhanu njala inali itamupana.

Tsiku lina Nyani anabwera kudzaona mathithi, atapanira m'khwapa chimanga chakuba.

"Akulu, akulu!" anakuwa Nkhanu. "Apongozi anu mukuwayang'ana m'maso? Kwanu kulibe mwambo?"

"Apongozi anga ati?" anadabwa Nyani.

"Mtsinjewu si mwana wa mathithiwa? Inu si uja mumaupsompsona m'mawa ndi madzulo? Tamverani mmene akukalipiramu!"

Nyani anatchera khutu. Zoonadi, madzi anali wowowo! Manyazi anamugwira mkulu wathunthu.

"Nditani tsono, mphwanga?"

"Tulani katunduyo, mufulatire, mugwade, muwombe m'manja mpaka akhale chete."

Kodi mathithi adakhalapo chete? Nyani anawomba mpaka zikhatho kutupa, uku Nkhanu akukokera chimanga pansi pa mwala. Pocheuka, chimanga palibe.

"Alandira," anatero Nkhanu. "Akuti mkamwini wake ndi inuyo."

Nyani anapita akunyada. M'mawa mwake Nguluwe anasiyapo chinangwa, nagwada mpaka maondo kusupuka. Nkhanu ananenepa, chigoba chinayamba kumuthina. Akanalekera pomwepo, koma paja chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Kenaka kunatulukira Katumbu, manja ali lendelende. Nkhanu ankadziwa bwino kuti Katumbu amadya nkhanu, koma pakamwa pozolowera sipachedwa kuyabwa.

"Achimwene, kwa apongozi chimanjamanja?"

"Mwandikumbutsa, alamu," anatero Katumbu akusendera pafupi. "Mwayi wake ndiwo ndazipeza kale."

Gwi! Anamugwira Nkhanu dzanja lake lalikulu. Apa Nkhanu mantha anamugwiradi.

"Fulatirani kaye, achimwene! Gwadani! Mwambo!"

"Ine ndimagona m'nyumba mwa mwana wawo," anatero Katumbu. "Tidazolowerana kalekale."

Nzeru zinatha, pakamwa pa Katumbu pali yasa! Nkhanu anatsinzina, nadzithothola dzanja lake lomwe, n'kugwera m'thovu, phava! Katumbu anatsala kukamwa yasa, atagwira dzanja lopanda mwini.

Ali pansi pa mwala, Nkhanu anakuwa:

"Kawapatseni apongozi anu dzanjalo, muwauze kuti ndapereka moni!"

Anaseka Nkhanu, anaseka mpaka misozi. Koma poti aipukute, anapeza kuti mbali inayo kulibe chopukutira.